Mphindi 34 za Ababa

Lolemba, 3 Malichi

A Zitheka alowa mu ofesi akuimba mluzu, ine n'kudziwiratu kuti atigulitsanso. Bwana wathuyu dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Kasitomala atapempha kuti kompyuta izimulerera mwana, iwo yankho ndi lomwelo: "Zitheka." Lero auza a chipatala cha maso kuti pofika Lolemba likudzali anthu azilembetsa okha pa foni. Madokotala ochotsa ng'ala akubwera kumapeto kwa mwezi, malo ndi 80 basi, wofulumira kulembetsa ndiye walowa. Kutseka pa 21. Madokotalawo akapita apita, mwina mpaka chaka chamawa.

Sisitimu ya chipatalacho ndi mwana wanga, ndinailemba ndekha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Tsamba lililonse limakonzedwa pa seva n'kutumizidwa lathunthu. Mbali ya wolembetsayo kumagwira laibulale imodzi yakalekale, timaitcha Gogo, ntchito yake kuonetsa kalendala ndi kunyamula fomu kupita nayo ku seva. Pa makompyuta a kuchipatala Gogo alibe vuto. Pa foni kalendala yake imaduka, sabata imathera pa Lachinayi. Komanso chikwezereni seva mu Januwale awiriwa sakumwerana madzi. Ndiye Gogo apume, tipeze wina.

Katsopano, mnzanga wa pawindo amene amakonza maonekedwe a masamba, wayamba kale kuvinavina pampando. Akuti ali ndi laibulale ina yake anaiona pa vidiyo sabata yatha. Sabata iliyonse amakhala nayo ina.

Madzulo ndawauza Ababa. Akonza mawotchi zaka 41, lero diso lamanzere linayera kale ngati mkaka, lamanja likutsatira. M'dirowa mwawo muli mawotchi asanu ndi awiri a anthu, akuti "akudikira diso". Andifunsa kuti laibulale yangayo n'chiyani. Ndati seva ndi mmisiri wa kuseri, laibulale ndi munthu wa pakauntala: amalandira katundu kwa kasitomala, kukapereka kuseri, kubwera ndi yankho. Sitimulemba tokha, timatenga wopangapanga, bola azimvana ndi mmisiri.

Iwo: "Ndiye usamale posankha. Ine ndinali naye wina wa pakauntala, chilichonse ankangovomera."

Ndati ameneyo ndikumudziwa, ndimagwira kwa iye.

Lachiwiri, 4 Malichi

Msonkhano. Katsopano waonetsa laibulale yake, ine ndaipatsa dzina pomwepo: Mkwatibwi. Mabatani akuchita kupuma, kalendala ikutseguka ngati ambulera. A Zitheka pakamwa yasa.

Ndafunsa kuti tsamba azilemba ndani, popeza Mkwatibwi amafuna kujambula tsamba lonse yekha pa foni ya munthu, pamene seva yanga imatumiza lojambulajambula. Akazi awiri khitchini imodzi. Ndafunsanso kuti akubwera ndi abale angati, timalaibulale tina tomwe sangayende popanda ito. Katsopano wawerenga, wachita ngati wameza fupa. 212. Ndatulutsa foni yanga yakale ya galasi losweka, tsamba latenga masekondi 19 kuti litseguke. Ndati chikomekome cha mkuyu, achimwene. Ndamva kukoma ponena, ndisaname.

A Zitheka, pofuna kuti pasapezeke wolira: "Bwanji tiike onse awiri, Gogo ndi Mkwatibwi?" Ndati mapanga awiri avumbwitsa, bwana, koma tiyeni tiyese muone nokha. Onse awiri agwira batani limodzi, fomu yapita kawiri, wodwala mmodzi watenga malo awiri. A Zitheka ayang'ana kwa kanthawi n'kuti, "Komatu maso ndi awiri."

Ndapatsidwa mpaka Lachinayi kuti ndibweretse maganizo anga.

Lachitatu, 5 Malichi

Tchati tsiku lonse. Osadya n'komwe masana.

Lachinayi, 6 Malichi

Tchati changa chili ndi magawo 11. Vesheni ikugwirizana ndi seva? Kulemera kwake? Abale angati? Eni ake akuikonzabe kapena anaithawa? Chilolezo? Ikulimbirana mayina ndi khodi yathu? Mafoni akale? Ndayesa malaibulale asanu ndi limodzi, ndipo wapambana mmodzi wamng'ono wopanda mbiri, ndamutcha Kachete. Tsamba amasiyira seva, iye amangotenga fomu mwakachetechete, kukapereka, kubwera. Abale ziro. Pa foni yosweka ija masekondi awiri.

Pa mlandu wa Gogo ndalemba tchimo lake lalikulu: kulongolola. Mphindi zisanu zilizonse amagogoda pa seva kufunsa ngati masiku a pa kalendala asintha, ngakhale munthu sanakhudze kanthu. Zaka zisanu ndi chimodzi akugogoda chabe! Kachete sagogoda. Ndalemba kuti "ubwino waukulu" n'kudula mizere iwiri kunsi kwake.

Katsopano wagonja mwaulemu, koma wapempha chimodzi: fomu ikapita paziwoneka chizindikiro chochonga chobiriwira, chachikulu, chonga cha aphunzitsi m'kope. Ndamulola. Munthu ukamulanda mkwatibwi umamusiyirako maluwa.

A Zitheka akuti tchati changa achimata pakhoma. Ndachita ngati sindikufuna.

Lachisanu, 7 Malichi

Kuyesa. Ine fomu ndadzaza m'masekondi 38. Katsopano 31, ndipo wauza aliyense mpaka amayi okolopa. A Zitheka mphindi ziwiri, dzina lawo lomwe alakwitsa. Kenako ndasiyira makina kuti adzaze mafomu 500 okha, ndipo 500 onse afika. Chobiriwira chikungogwa ngati mvula.

Ndikanakhala munthu wina ndikanadzitama. Ndangouza Katsopano kuti ntchito yabwino simafuna mabatani opuma.

Lolemba, 10 Malichi

Tatsegula 8 koloko m'mawa. Palibe chagwa.

Ndisananyamuke ndinati, "Ababa, bweretsani foni ndikulembereni, ndi theka la mphindi." Ndinalakwa polankhula. Anakhala tsonga.

"Iwe mayi, ine ndaika tizitsulo toonda kuposa tsitsi lako m'mawotchi a azimayi. Ndilephere kulemba dzina langa?"

Ndati ayi, si choncho.

"Ndipo usakandisuzumire m'mabuku ako kuntchito. Ndine wodwala ngati wina aliyense."

Ndati zimenezo n'zoletsedwa kale, lamulo lake ndinalemba ndine: za odwala sitisuzumira.

Pobwera madzulo ndawapeza pa tebulo la pakhonde, kagalasi kawo ka pa diso kali pambali, wotchi yawo ya m'thumba ili chotsegula. Ababa chilichonse amachiyeza nthawi, ngakhale kuwira kwa madzi a tiyi. Akuti mphindi 34, chilembo chimodzichimodzi, osalakwitsa. "Ndipo chobiriwira chako ndachiona. Chimene chija ngakhale ng'ala singachibise." Kenako anena mawu amene sanandiuzepo ngakhale tsiku lolandira digiri: "Wa pakauntala uja wamusankha bwino."

Ndalowa m'bafa kukalira pang'ono. Za chisangalalo, kuti kope lino lidziwe.

Lachitatu, 12 Malichi

Aimba a Sisita, anamwino aakulu a kuchipatala kuja. Mayi wosaseka wamba, koma lero ayamikira: malo 52 adzaza, pakhomo palibe mzere, palibe wokomoka padzuwa. A Zitheka anaika foni pa sipika kuti ofesi yonse imve, mpaka anatsegula chitseko.

Pomaliza a Sisita ati, "Koma chaka chino n'chodabwitsa. Ambiri ndi achinyamatako, kapena owalembera ana awo. Azigogo anga aja a chaka ndi chaka, okhala okha aja, sindikuwaona."

Ine, mlomo wangawu: "Mwina anachira, a Sisita."

Aliyense waseka kupatula iwo.

Loweruka, 15 Malichi

Ababa atulutsa mawotchi onse asanu ndi awiri, awayala pa nsalu yoyera motsatana ndi tsiku limene anabwera. Iliyonse ili ndi kapepala ka dzina ndi nambala ya mwini wake, kolembedwa kale maso akadali maso. Manambalawo amawadziwa pamtima. Aimbira onse. "Mu Epulo, achimwene. Sabata yoyamba ndipumitse diso, yachiwiri mubwere." Wina wa wotchi ya malemu mkazi wake wadikira miyezi khumi ndi inayi, ndamumva akuthokoza mpaka kukhitchini.

Andituma ndiwapezere malaya oyera aja a kolala yolimba. Ndati kuchipatala akakuvulani n'kukuvekani chimkanjo. Akuti dokotala aziona kaye kuti akung'amba diso la munthu wotani.

Malo 80 akwana lero masana, ndaona pa foni. Mauthenga kwa olowa adzapita Lolemba.

Lolemba, 17 Malichi

Mauthenga anapita 9 koloko. Ababa andiimbira 10, akuti foni yawo ili zii, kodi ndi netiweki? Ndati mauthenga amayenda pang'onopang'ono. Aimbanso 11. Aimbanso 12, akuti aikweza pawindo.

Nthawi ya nkhomaliro, anzanga atatuluka, ndathyola lamulo langa lomwe. Ndasaka dzina lawo. Mulibe. Ndasaka nambala ya foni, tsiku lobadwa, dzina lolemba chobwerera. Pa 80 palibe, pa mndandanda wa odikira palibe. Ngati munthu amene sanakhudzepo foni chibadwire.

Kunyumba ndanama. Ndati a chipatala akutumiza m'magulumagulu. Malaya oyera apachikidwa pa chitseko cha chipinda chawo, ositasita.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndam'gwera Katsopano asanakhale n'komwe pansi. Ndati chobiriwira chako chikunama. Iye akuti chobiriwira sichiganiza, chimatuluka Kachete akanena kuti zatheka, ndipo Kachete anabwera naye ndani? Ndati usandiphunzitse ntchito, pamene ndinkalemba sisitimu imeneyi iwe unkajambula maluwa pa makadi a ukwati. Wangovala mahedifoni.

Ndadzaza fomu ka 60. Pa foni yanga, pa foni yosweka, pa foni ya amayi okolopa yomwe ndi yofanana ndendende ndi ya Ababa. Ka 60 konse zafika. Kaundula wa zolakwika pa seva ndi woyera ngati mbale yotsuka. Tchati changa chili pakhoma, magawo 11, onse ochongedwa.

Ndafika poganiza kuti mwina Ababa sanaone bwino. Munthu wa ng'ala, mwina anaona chobiriwira china. Ndalemba apa kuti ndidzachite manyazi bwino ndikamadzawerenga.

Lachitatu, 19 Malichi

M'mawa pa tiyi ndawafunsa mozemba ngati anadinadi batani lomaliza. Aika kapu pansi. "Ndinayamba 2:06, ndinadina 2:40. Mphindi 34. Ukufuna masekondi?"

Mu minibasi nambala imeneyi imangondizungulira m'mutu. Ndafika, ndatsegula fomu, ndadzaza theka, ndaika manja pansi pa ntchafu. Ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndagwira chaka chino: kukhala osadina kanthu. Anthu a ntchito yathu sitidikira. Tsamba likachedwa masekondi atatu timalidzutsanso, chala chimapita chokha. Katsopano wandiyang'ana, wavula mahedifoni, wafunsa ngati ndikupemphera. Ndati khala pansi uone.

Mphindi 34 zitakwana ndamaliza, ndadina. Chobiriwira, chachikulu, chokongola. Ndatsegula mndandanda. Mulibe.

Zonse zaoneka pamenepo, ndipo zonse ndi zanga. Seva imapatsa fomu iliyonse kachiphaso ka mphindi 20, kuti akuba asatumize mafomu abodza. Zikapita mphindi 20 munthu osamveka, kachiphaso kafa, seva ikana. Koma seva yanga ndi yoleredwa bwino. Siikana mwamwano ndi nambala yokanira ngati maseva a anzathu. Imabweza tsamba laulemu limene ndinalemba ndekha, ndipo a chipatala analiyamikira nthawi imeneyo: "Pepani kwambiri, nthawi yatha. Chonde yambiraninso. Zikomo." Pamwamba pake nambala 200, imene pa chilankhulo cha makina imatanthauza kuti zonse zili bwino. Kachete sawerenga makalata, amangoona nambala. Waona 200, wathamanga kukauza munthu kuti zatheka.

Nanga zaka zonsezi bwanji sizinachitike? Gogo. Kugogoda kwake kwa mphindi zisanu zilizonse kuja, kumene ndinadula mizere iwiri, ndi kumene kunkauza seva kuti munthu akadalipo, kachiphaso kasafe. Zaka zisanu ndi chimodzi nkhalamba ikugwira ntchito imene palibe anailemba penapaliponse, ine n'kuichotsa chifukwa cha phokoso. Safunsa anadya phula.

Ndiye sisitimu ya chipatala cha maso yakhala ikulandira amene akuona bwino n'kutaya amene sakuona. Ukachedwa kwambiri ndiye kuti diso lako ndi loipa kwambiri, ndipo ndiwe woyamba kutayidwa, utapatsidwa chobiriwira.

Ndawerenga kangati tsamba laulemu lija latuluka chitsegulireni. Ka 47, kupatula kanga ka lero. Mayina? Palibe. Fomu yokanidwa sindisunga, za odwala sitisunga mwachisawawa, lamulo labwino kwambiri, ndinalemba ndine. Anthu 47 ali m'makomo mwawo akudikira uthenga, ine ndikudziwapo mmodzi.

Ndapepesa kwa Katsopano pamaso pa aliyense, za maluwa zomwe. Sananyade, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa. Wangoti, "Asisi, Mkwatibwi akanagwa tsiku loyamba pamaso pa anthu, bwenzi titadziwa. Wanuyu ndi waulemu ngati seva yanu." Kenako wakoka mpando, wafunsa kuti tiyambire pati.

Lachinayi, 20 Malichi

A Zitheka atseka chitseko, chinthu chimene sachita. Maganizo awo: tikonze mwakachetechete, 80 akwana kale, chipatala chasangalala, 47 alibe mayina, ndiye kuti kulibe. Kenako atsitsa mawu ngati akundipatsa mphatso. "Koma ababa anu, asisi, makiyi muli nawo. Mzere umodzi wa khodi. Wa nambala 80 atsike akhale woyamba kudikira, sadziwa n'komwe chifukwa. Zitheka."

Zoona, zitheka. Ndabwerera pa mpando, ndalemba mzerewo. Ndi waufupi, mawu osakwana khumi ndi asanu. Ndadziuza kuti Ababa anadina pa 10, tsiku loyamba, malo ndi awo ndithu, sindikuba. Kenako ndasuzumira wa nambala 80. Mayi wobadwa chaka chimodzi ndi Ababa. Uthenga analandira Lolemba, ndiye kuti nayenso chovala anasita. Chala chinali pa batani. Ndafufuta, osati chifukwa ndine woyera mtima, koma ndimaopa funso limene Ababa angandifunse.

Ndakwera minibasi kupita kuchipatala osatsanzika. A Sisita ndawapeza m'kachipinda ka mafayilo, akudya chiimirire. Ndafotokoza zonse, za wa pakauntala, za mphindi 20. Sanandidule. Nditamaliza apukuta manja n'kuti, "Ndiye sanachire."

Ndati ayi.

Akuti 80 auzidwa kale, sangawabweze. Chimene angathe: alengeza lero pa wailesi ndi pa chikwangwani cha pageti kuti aliyense amene anaona chobiriwira koma sanalandire uthenga alembetsenso mawa isanakwane 5 koloko, kapena abwere yekha. Alowa pa mndandanda wa odikira. Madokotala amatengapo khumi pa odikira, akawachonderera, mwina khumi ndi awiri. Odikira alipo kale 11.

Ndati pa 47 paja mmodzi ndikumudziwa, ndi bambo anga, anadina tsiku loyamba. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye 46 enawo tsoka lawo n'loti sanabereke inu?"



Ababa ndawauza dzuwa lisanalowe, pakhonde, ndisanavule nsapato, kuopa kuti mtima ungabwerere. Amvetsera mutu uli pansi. Afunsa kuti wa pakauntala uja anamusankha ndani. Ndati ine. Afunsa kuti mmisiri wokana mwaulemuyo anamuphunzitsa ndani. Ndati ine. Ndati ndingathe kuwalowetsa ndi dzanja langa, ngakhale pano.

"Uchotse ndani?"

Ndawerama kuvula nsapato.

"Ndiye usandifunse zopusa."

Alowa m'nyumba. Ndamva akutsitsa malaya pa chitseko, hang'ala ikulira m'kabati.

Lachisanu, 21 Malichi

Ine ndi Katsopano 7 koloko tinali titayamba. Seva tsopano ikakana ikukana poyera, ndi nambala yokanira, ulemu pambuyo. Kachete tamuphunzitsa kugogoda mphindi zisanu zilizonse, ndendende Gogo. Zilembo takulitsa. Chobiriwira wachichotsa Katsopano ndi dzanja lake, m'malo mwake pazituluka nambala yeniyeni ya munthu pa mndandanda, yochokera ku seva, ikapanda kubwera pasaoneke kanthu. Kuyesa kwake: tadzaza theka, tapita kukamwa tiyi, takhala ola lathunthu. Yafika.

A Sisita anawaimbira a Zitheka dzulo. Lero kasitomala wina wafunsa kanthu pa foni, ndawamva akuti, "Tiona." Tchati changa chikadali pakhoma. Wina wawonjezera gawo la 12 ndi bolopeni, lopanda mutu, lopanda chochonga. Sindinafunse kuti ndani.

Ndaweruka 3 koloko. Ababa ndawapeza atakhala kale pa tebulo la pakhonde, foni patsogolo, kagalasi pa diso, wotchi ya m'thumba chotsegula. Sanandilonjere. Ndati odikira akuchuluka ola lililonse chilengezereni, ndingathe kulemba m'masekondi 38.  Ayamba 3:31.

Ndakhala pa mpando winawo, manja pansi pa ntchafu. Chala chawo chimayenda pamwamba pa zilembo, kuima, kubwerera. Pa tsiku lobadwa analakwitsa, ndinaona, ndinadziluma lilime, anazindikira okha patapita mphindi zinayi. Mphindi 20 zitadutsa ndinasuzumira wotchi yawo ngakhale ndikudziwa kuti Kachete akugogoda. Sabata yatha zinali 34. Lero 34 yadutsa akadali pa dzina la wachibale wowaperekeza. Alemba langa.

4:18 adina. Atseka wotchi. "47," atero, osandiyang'ana.

Ayandikiza foni ku kagalasi, aitalikitsa, aipendeketsa ku dzuwa. Kwa nthawi yaitali. Kenako avula kagalasi, akaika pa nsalu pambali pa mawotchi, n'kukankhira foni kwa ine.

"Zilembo wakulitsa, ndaona. Koma tandiwerengera, mayi."

Chibadwire changa sanandipemphepo zimenezi. Ndawerenga: "Mwalembedwa. Muli pa nambala 26 pa mndandanda wa odikira."

"Bwereza."

Ndabwereza.

Agwedeza mutu. Apapasa pa nsalu, atola wotchi yoyamba, ya miyezi khumi ndi inayi ija, andipatsa pamodzi ndi kapepala kake. Nambala amaidziwa pamtima, ndikudziwa, koma ati, "Werenga, uyimbe. Ndilankhula ndekha."

Ikuitana.